Mphika Wobowoka wa kwa Chikoti

Madzulo a tsiku limenelo tinadya dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya bulugama, chifukwa mayi Estere Chikoti ankapita kukagona kumaliro kutsidya kwa dambo. Anali ataphika maungu. Tinakhala pakhonde, iwo akumanga mpango, ine ndikupukuta magalasi a makina anga.

"Ntchito yanu ya akadzidzi ija, leronso muigwira?" anandifunsa.

"Lero ndi mawa basi, amayi. Latsala bokosi limodzi."

"Chabwino. Koma kuwala kuja kusatuluke panja. Mwamva zimene zikuyankhulidwa pamsika, eti?"

Ndinali nditamva. Chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinali zitafika m'midzi ya ku Kabudula. Ankati anthu achilendo akuyenda usiku ndi makina owala, kupopa anthu magazi ali m'tulo. Palibe amene anali atamuona namapopa ndi maso ake, koma aliyense ankadziwa munthu amene mlamu wake anamuona. Amuna a m'mudzi anali atayamba kulondera ndi zibonga ndi mawezulo. Ine sindinkawaseka. Munthu amene anaikapo mwana m'manda osauzidwa chimene chinamupha, sungamuuze kuti asaope. Komabe ndinkadziwa kuti m'mudzi monsemo, mlendo wa makina owala anali mmodzi yekha. Ine.

Dzina langa ndine Rabecca Kamphinda. Ndinaphunzira za mbiri yakale ku koleji, ndipo panthawiyo ndinkagwira ntchito ku kabungwe kakang'ono ka ku Lilongwe kosunga zinthu zamakedzana. Chimene chinandibweretsa kwa a Chikoti ndi mabokosi anayi. Ine ndisanabadwe, malemu amuna awo a mayi Estere, amene anali mphunzitsi, anathandiza akatswiri ena kukumba mudzi wamakedzana m'mbali mwa nyanja ku Karonga, mudzi umene anthu ake palibe amadziwa mayina awo. Ntchitoyo inathera panjira. Mabokosi ena anawasungitsa kwa mphunzitsiyo kuti adzawatenga mvula ikatha. Mvula inabwera ndi kutha maulendo oposa makumi anayi. Palibe anafika.

M'mabokosimo munali mapale, mikanda, mbedza zodyeka ndi dzimbiri, miyala yoperera ndi miphika ingapo. Mayi Estere anakana kuti tizinyamule, choncho tinagwirizana kuti ndizijambulire pomwepo. Makina anga ankaponya mizere ya kuwala pa chinthu chimene ndaika pa kambale kozungulira, kenako chinthucho chinkatulukira mu kompyuta chonse, moti ukhoza kuchitembenuza mbali iliyonse ngati wachigwira m'manja. Vuto lake, makinawo safuna kuwala kwina. Masana dzuwa linkalowera m'timabowo ta misomali pamalata, zithunzi n'kumatuluka zamawangamawanga. N'chifukwa chake ndinkayamba ntchito kukada. Mabatire ankanditchajira a Masudi, eni golosale ya pamsika, amene anali ndi sola.

Chipinda cha mabokosiwo chinali chapachokha, kuseri kwa nyumba. Kale ankasankhiramo fodya, ndipo fungo lake linali lisanathe. Chinalibe zenera. Chinali ndi chitseko chachitsulo chokhala ndi mpiringidzo mkati, ndi njerwa zitatu zamabowo pamwamba pa khoma zolowetsa mpweya.

Mayi Estere atanyamuka, ndinalowa. Ndinakoka mpiringidzo. Ndinakwera pampando n'kutsekera mabowo a mpweya aja ndi ziguduli. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chitenje. Wodutsa panja akanati mulibe munthu.

Ndinayamba ndi mapale. Ntchito yake ndi yosasangalatsa: kuika, kuzungulitsa, kudikira, kulemba nambala. Cha m'ma eyiti koloko ndinafika pa mphika wa nambala 17.

Unali waung'ono, wokwana m'manja awiri, wakuda, wa timizere tolembedwa ndi chikhadabo pakhosi pake. Kunsi kwake kunali bowo lozungulira bwino, lolowa chala chachikulu. Silinali langozi. Munthu analiboola mwadala, pang'onopang'ono, mphikawo utawotchedwa kale.

Bowo lotere ndinkalidziwa. Ngakhale kwathu ku Nsaru, ukapita kumanda akale umapeza miphika ndi mbale zobooledwa kunsi. Malume anga ankati amaboola kuti akuba asazitole n'kukaphikira. Azakhali anga ankati ayi, amaboola kuti mwini wake apeze potulukira. Ku koleji tinaphunzira mafotokozedwe onse awiri, ndipo pa mayeso ndinalemba kuti onse ali ndi mfundo. Anandipatsa malikisi abwino.

Ndinaujambula utaima, kenako ndinauvundikira kuti ndijambule kunsi. Nditamaliza, pulogalamu ya mu kompyuta inandifunsa funso limene inkafunsa pa chinthu chilichonse: kodi itseke mabowo onse? Kuwala kwa makina sikufika paliponse, ndiye chithunzi chimatsala ndi timipata, ndipo pulogalamuyo imamata yokha. Koma siisiyanitsa mpata umene makina aphonya ndi bowo limene munthu anaboola. Njira yoyenera inali kumata timipatato kamodzikamodzi ndi dzanja, bowolo n'kulisiya. Imeneyo inali ntchito ya ola lathunthu, ndipo batire linali litatsika kale. Ndinati mumtima, ndidzaboola mawa.

Ndinavomera. Ndinasunga.

Mphika wa mu kompyuta unazungulira pang'onopang'ono, wosalala kunsi konse, ngati wangochoka m'manja mwa woumba.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti m'chipindamo munali kaphokoso masiku onse asanu ndi limodzi amene ndinagwiramo ntchito. Kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akuuzira pakamwa pa botolo ali kutali. Sindinali nditakamvapo. Ndinakamva katasiya.

Nkhululu za panja nazonso sizinkamveka. Ndinati mwina ziguduli ndazithinitsa kwambiri lero. Ndinachotsa mphikawo pa kambale, ndinauika pathebulo uli chivundikire, n'kutenga phale lotsatira.

Ngo.

Amayi akamagula mphika pamsika amaugogoda ndi chala kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Wathunthu umalira. Wosweka umangoti phu. Kumeneku kunali kulira kwa mphika wathunthu.

Ndinayatsa tochi ya pafoni. Mphikawo unali pomwe ndinauika. Bowo linalipo. Ndinalowetsamo chala, chinalowa bwinobwino. Ndinaunyamula kuti ndione ngati mwalowa khoswe kapena buluzi. Munalibe kanthu. Ndinaugogoda ndekha, unati phu. Ndinaubwezera pathebulo.

Ngo. Ngo.

Sindinathamange. Ndinadziuza kuti ndatopa, ndikufunika mphepo. Ndinapita pachitseko n'kugwira mpiringidzo.

Sunasunthe.

Ndinakoka ndi manja awiri. Ndinaponda khoma ndi phazi. Ndinavula nsapato n'kumenya chogwirira chake mpaka chidendene cha nsapatoyo chinathothoka. Mpiringidzowo ndinali nditautsegula ndi kuutseka kwa masiku asanu ndi limodzi ndi zala ziwiri. Tsopano unali ngati anauwotcherera pamodzi ndi chitseko.

Ndinakwera pampando n'kusolola ziguduli zija. Pamabowo pankaoneka nyenyezi. Ndinaikapo chikhatho. Mphepo siinkalowa, ngakhale pang'ono, pamene masamba a mtengo wa mango panjapo ndinkawaona akugwedezeka. Ndinachotsa chitenje pansi pa chitseko. Chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutsika kumsana.

Foni inalibe netiweki. Pamudzipo netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa khola basi.

Chinatsala ndi kukuwa. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinatseka. Akanabwera ndani? Amayi onse a m'mudzi anali kumaliro. Otsala anali amuna a zibonga aja. Akanathyola chitseko n'kupeza mkazi wachilendo m'chipinda chopanda zenera, ali ndi makina a zingwe ndi magalasi. Ndinazima makina ojambulira. Kompyuta ndinaipinda n'kuiphimba ndi chitenje. Ndinakhala pansi, nsana kukhoma, n'kuganiza kuti ndipirire mpaka kuche.

Koma mphikawo sunkafuna kudikira kuti kuche.

Ngo. Ngo. Ngo.

Unkagogoda katatu, n'kupuma, ngati mlendo waulemu pakhomo la eni. Kenako unayamba kukweza. Ndinauphimba ndi chiguduli, osathandiza. Ndinaulowetsa m'bokosi lake n'kukhalapo pamwamba. Kugogodako kunkandipyoza m'mafupa, kumamveka m'malata.

Kutali kunalira wezulo. Wina anayankha chapafupi. Kenako mapazi ambiri pa udzu wonyowa.

"Zikuchokera umu."

"Kwa aphunzitsi? Amayiwo si ali kumaliro?"

"Ndiye akugogoda ndani?"

Mawu omalizawa ndinawazindikira. Anali a Patrick, ocheka matabwa, amene ndinkapatsana nawo moni m'mawa uliwonse panjira ya kumsika. Mwana wawo wamkazi anamwalira mu Febuluwale. Anagona ali bwino, kutacha anali atatsirizika.

Kuwala kwa tochi kunalowa pamabowo a mpweya n'kuyenda padenga. Wina anali atakwera pamapewa a mnzake.

"Muli zingwe umu! Muli kanyale kobiriwira!"

Kanali kanyale ka batire. Ndinali nditakaiwala. Ndinaona kuti kukhala chete tsopano n'koipa kuposa kuyankhula.

"Ndine Rabecca, abambo. Mlendo wa mayi Chikoti. Ndikujambula miphika."

Panja wina anaseka, kuseka kosakoma.

"Kujambula miphika mumdima? Miphika yake imachita manyazi masana?"

"Tsegulani tione," anatero a Patrick.

"Chitseko chakana."

"Chakana bwanji? Mpiringidzo uli mbali yanu, mayi. Ngati ndinu munthu, tsegulani."

Ndinakokanso iwo akumva. Chitsulo sichinachite ngakhale phokoso.

Ngo. Ngo. Ngo.

"Muli ndi ndani umo?"

"Ndili ndekha."

"Nanga akugogodayo?"

Ndikanatha kunena kuti ndine. Bodza limenelo likanandithandiza. Koma mutu unali utayamba kulemera, ndipo chimene chinatuluka ndi choonadi.

"Ndi mphika."

Anatenga mtanda wa bulugama n'kuyamba kugunda chitseko, amuna anayi pamodzi. Ndinkamva akuwerenga, ndinkamva kupuma kwawo. Chitseko chimene masana chinkagwedezeka ndi mphepo sichinanjenjemere. Atagunda kachisanu anasiya. Kukanika kumeneko kunawaopsa kuposa china chilichonse chimene ndinanena.

"Izi si za munthu," anatero wina. "Tengani udzu wa pachigafa cha fodya."

Ndinamva mitolo ya udzu ikugwera pachitseko. Ndinamva njinga yamoto ikukankhidwa kubwera pafupi, ndi kapaipi kakusololedwa. Mphepo inali itakana kulowa m'chipindamo, koma fungo la petulo linalowa. Mitanda ya denga inali youma. Pakona panali mulu wa ziguduli za fodya.

"Patrick." Awa anali mawu a a Masudi, odekha ngati ali kuseri kwa kauntala yawo. "Mabatire a mayiyu ndimatchaja ndine tsiku lililonse. Ngati iye ndi namapopa, ine ndine chiyani?"

"Inunso tikufunsani mawa, a Masudi."

"Mudzandifunse. Koma nyumbayi ili ndi mwini wake. Muotche nyumba ya mayi wamasiye iye akulira maliro a m'bale wanu? Lamulungu mukakhala naye bwanji kutchalitchi kwanuko?"

Panali kung'ung'udza. Kenako a Patrick anati, "Kawatengeni. Mwezi ukangotuluka pamwamba pa dambo inu musanabwere, tiyatsa."

Ndinamva tcheni cha njinga ya a Masudi chikulira, chikutalikira.

Ndinagona pansi, pakamwa nditalozetsa pampata wa pansi pa chitseko. Mpweya unali ngati phala. Ndinkakoka, osakhuta. Kuseri kwa chitsulocho munthu anakhala pansi, pafupi kwambiri moti ndinkamva bokosi la machesi likutembenuzidwa m'manja mwake.

"Mayi," anatero a Patrick motsitsa mawu. "Inu munapita kusukulu. Mwana kugona atadya, ataseka, kutacha wazizira. Chimakhala chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Kuchipatala anatinso sakudziwa."

"Pepani kwambiri."

"Aliyense sakudziwa. Ndiye munthu wabwera ndi makina, akudzitsekera usiku, chitseko chake amuna anayi chikuwakanika. Inuyo mukanakhala ine, mukanaganiza chiyani?"

Ndinafuna kupeza yankho londipulumutsa. Sindinalipeze.

"Ndikanaganiza zimene mukuganizazo," ndinatero. "Koma si ine, bambo."

Machesi anapitiriza kutembenuzidwa. Kumbuyo kwanga mphika unkagogoda osapumanso.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Pamabowo a mpweya, thambo linali litayamba kuyera mbali ya kudambo pamene ndinamva mabuleki a njinga ndi mawu a mayi Estere, akupuma movutikira koma akuthwa.

"Wathira petulo pakhoma la amuna anga ndani? Patrick, iwe? Choka apo. Katekisimu ndinakuphunzitsa ine, mamina ali mbwee."

Udzu unakokedwa. Chikhatho chinamenya chitseko.

"A Rabecca! Muli moyo?"

"Ndilipo, amayi. Mpweya."

Anamvetsera kugogoda kuja. Atayankhulanso, mawu awo anali atasintha.

"Mwatseka chiyani?"

"Mabowo a mpweya. Koma ndatsegula."

"Osati amenewo. China."

Ndinacheukira kubokosi lija.

"Kamphika kakuda kaja, kobowoka kunsi. Mwakagwira?"

"Ndakajambula."

"Mverani, mwanangu. Chaka chimene ndinali ndi pakati pa Dyness, ndinamata bowo limenelo ndi dongo kuti ndisungiremo nthanga za maungu. Ndinakhala masiku atatu pamphasa, mwana osatuluka. Azamba anagwa mphwayi. Amuna anga ndi amene anakumbukira, anathamanga kukagumula dongolo. Sindinauzepo munthu, chifukwa ife ndife a mpingo. Chotsani chimene mwamatapo."

"Sindinamatepo kanthu, amayi. Bowo lilipo. Ndalowetsamo chala."

"Ndiye mwatseka pati?"

"Wa mu kompyuta."

"Mwaumba wina?"

"Ayi. Ndi chithunzi chabe."

"Iyeyo akudziwa kuti ndi chithunzi?"

Ndinakwawa mpaka pathebulo n'kutsegula kompyuta. Kuwala kwake kunandilasa m'maso. Batire linali litatsala pang'ono kwambiri, kachizindikiro kake katafiira.

"Ndingochifufuta chonse," ndinakuwa.

"Ayi! Mphika saphwanya muli munthu. Boolani."

Kubwerera m'mbuyo sikukanatheka, chifukwa ndinali nditasunga kale. Ndinayenera kudula bowolo ndi dzanja. Ndinatembenuza mphika wa mu kompyuta kuti kunsi kuyang'ane kwa ine. Zala zinali zonyowa, zinkaterereka. Ndinayamba kulemba mzere wozungulira, unathawira pakhosi pa mphika. Ndinayambiranso. M'maso munayamba kuoneka timadontho takuda.

"Mwezi uja watuluka," wina anatero panja.

"Utuluke," anayankha mayi Estere. "Woyatsa ayambe ndi chitenje changachi. Ndatsamira chitseko."

Kachitatu mzere unakumana. Sunali wozungulira, unali ngati nyemba. Ndinadina kuti idule. Kompyuta inayamba kuganiza, kachizindikiro kake kakuzungulira, kakuzungulira.

Inazima.

Mdima. Sindinadziwe ngati yadula kapena ayi. Ndinagwira m'mphepete mwa thebulo n'kudikira.

Kugogoda kunali kutasiya.

Kenako, pansipansi, kaphokoso kaja. Munthu akuuzira pakamwa pa botolo. Koma tsopano sikanali kutali. Mphepo yozizira inadutsa pakhosi panga kuchokera kumbuyo, kumene kunalibe zenera kapena bowo, kulowera kuchitseko. Inali ndi fungo la madzi ndi matope, fungo limene ku Kabudula kulibe.

Mpiringidzo unati kwee. Ndayesa kukumbukira ngati ndinaugwira ndine. Mwina ndinaugwira. Chimene ndimakumbukira n'chakuti ndinadzuka pathebulo, ndinayenda masitepe anayi, ndipo chitseko ndinachipeza chili pululu.

Ndinagwa m'manja mwa mayi Estere. Ndinakoka mpweya mpaka nthiti zinawawa. Ndinadikira chibonga.

Sichinabwere. Nditakweza mutu, ndinaona amuna asanu ndi mmodzi ataima mizere iwiri, atatu uku atatu uko, pakati atasiya njira yotakata. Zibonga zinali pansi. Palibe ankandiyang'ana. Onse ankayang'ana kanjira kodutsa kuseri kwa chigafa. A Patrick anali atavula chipewa.

"Mayi," anatero osatembenuka, "munati muli nokha."

"Ndinali ndekha."

"Nanga amayi atuluka patsogolo panuwo?"

Ndinayang'ana kanjirako. Mwezi unkawala bwino. Kunali chimanga chouma ndi udzu basi.

"Amayi ati?"

"Aafupi. Opanda nsapato. Mikanda m'khosi. Sanatiyang'ane n'komwe."

Ndinafunsa mayi Estere ngati anaona. Anati maso awo ndi okalamba. A Masudi anati iwo ankayang'ana pansi, anangomva m'thupi kuti apatuke.

Amunawo anatola zibonga zawo n'kumwazikana mmodzimmodzi, osatsanzika. Njinga yamoto anachita kuikankha.

Ndayesa kuiona nkhaniyi mbali zonse, ndipo mafotokozedwe alipo. Mmisiri amene anabwera kudzaona chitsekocho anati mvula ya masana inafufumitsa mafelemu, mpiringidzo unapanika, ndipo kugunda kwa mtanda kuja kunaumasula pang'onopang'ono. N'zomveka. Msuweni wanga, namwino, anati munthu akatsekeredwa m'chipinda chopanda mpweya amamva ndi kununkhiza zinthu zimene palibe. N'zomvekanso. Malata amalira akamazizira. Ena mwa amuna aja anali atalawako kachasu. Zonsezi ndimazivomera. Kungoti amuna asanu ndi mmodzi aja anali panja, pa mpweya wokwanira, ndipo nditawafunsa payekhapayekha, onse anatchula mikanda.

Kompyuta itatchajidwa, ndinapeza kuti inadula. Bowo linalipo, lokhota, laling'ono kuposa lenileni. Sindinalikonze.

M'mudzimo nkhani ya anamapopa inazilala sabata yomweyo, inalowedwa m'malo ndi ina. Pachitsime ankanong'onezana kuti wina wokapita kumunda mbandakucha anakumana ndi mayi wamfupi pamsewu wa ku Kasiya, akuyenda osacheuka, osayankha moni. Patapita masiku awiri, akuti anaoneka kupitirira Kasiya. Nthawi zonse kulowera kumpoto. Amayi ena anawerengera pazala n'kunena kuti pa mayendedwe amenewo akafika kwawo mvula yoyamba ya dzinja lotsatira isanagwe. Ena ankati mayiyo sanali woipa, anangosungidwa kwa eni nthawi yaitali.

Tsiku limene ndinkachoka, ndinapeza a Patrick kuseri kwa nyumba ali ndi ndowa ndi phulusa, akutsuka petulo pakhoma. Palibe anawatuma. Atandiona ndi zikwama anaimirira, manja akudontha.

"Mukupita, mayi?"

"Ndikupita, bambo."

Anayang'ana chitseko chija, chimene mayi Estere anali atachitsegula n'kuchiimika ndi njerwa.

"Machesi ndinali nditatulutsa kale," anatero. "Tikanayatsa, tikanaotcha anthu awiri."

Anawerama n'kuviika chiguduli m'ndowa.

"Inuyo bola. Kwanu ku Nsaru ndikanafunsira njira, n'kukagwada pamaso pa abale anu. Nanga winayo, ndikanakapepesa kwa yani?"